Malili Si Fodya

Khalani pansi, nonse awiri. Ayi, osati m'nyumba, pakhonde pompano pamene mukuona bwinobwino zimene mwachita. Tinashe, tulutsa manja m'thumba. Akuyabwa? Eya, ayabwe. Ndi utomoni wa malili umenewo, suseka ndi munthu. Kanda mpaka mawa. Iwe Chisomo usalire kaye, sindinayambe n'komwe.

Suzumirani m'ndowamu muwerenge. Khumi ndi limodzi. Maluwa khumi ndi limodzi osatsegula, mwawapotokola makosi ngati nkhuku za pa Khisimasi! Ine kungochoka m'mawa umodzi, kupita ku Chinhoyi kukagula nsalu yoyera yophimbira mwala wa pamanda a asekuru anu, malemu amuna anga, kombi kutisunga pa Trelawney kudikira anthu, ndikufika kuno ndikupeza mwaima pageti mano onse panja. "Gogo, takuthandizani!" Maiwe. Kuthandiza!

Lero ndi Lachitatu. Loweruka tikuvundukula chiliza cha asekuru anu. Maluwa amenewa ndimati ndikaike pamwala pawo atatsegula, achikasu, ochokera m'mabeseni awo omwe. Zaka zinayi ndakhala ndikulimbana nawo. Inu mwamaliza m'mphindi zingati? Zisanu?

Ndipo ndikudziwa kumene mwazitenga. Sabata yonseyi chitsekereni sukulu mwakhala m'munda wa amalume anu a Fuledi mukuthena fodya. Akuuzani kuti duwa ndi mbava, limaba chakudya cha tsamba, ukangoliona likusuzumira thyola. Hanti ndi zimene akuuzani? Ananena zoona, kufodyako. Fodya timalimira tsamba. Koma ndani anakuuzani kuti chilichonse chomera pa Mulungu pano ndi fodya? Mukanapeza mphonda mukanathenanso? Mukanandipeza ine ndili mtulo nditavala duku la maluwa, si mukanandidula mutu?

Usaseke, Tinashe. Ndikuona mlomowo.

Inu ana a m'tauni mukuganiza kuti fodya ndi masewera a pa holide. Ine ndinabadwira m'komboni muno, kuseri kwa mabani oumitsira fodya uko, nyumba yake inagwa kalekale. Bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu, kudzera ku Tete, nsapato atazikoleka m'khosi kuti zisathe asanafike kwa mzungu. Ndili msinkhu wa Chisomoyu ndinali ndikudzuka chitsulo chikalira, kukatola mbozi m'fodya, kuthena, kusoka masamba. Manja amachita kuda bii ndi phula lake, ukadya sadza, nsima yathu ija, sadzayo kuwawa. Lachisanu timafola ndi mbale kukalandira poso, ufa, nyemba zofumbwa, matemba, mchere wa miyala. Inu mukati mulibe ndiwo mukutanthauza kuti soseji yatha. Saka musandiuze ine za kuthena, ndinathena minda imene simungaione mathero ake. Papulazi lonse lino panalibe munthu amene ankaona duwa n'kuliyesa kanthu.

Kupatula mmodzi. Asekuru anu a Yohane.

Iwo sanali a m'fodya. Anali gadeniboyi kunyumba yaikulu ya mzungu, pamtunda paja pamene pano pagona mbuzi. Analowa ntchito ndevu zisanamere, mpaka imvi kutuluka akuitanidwabe boyi. Amuna anzawo ankawaseka pamowa, amvekere, "Yohane, akazi ako achikasu aja wawamwetsa?" Iwo kumangomwetulira. Munthu ameneyo kukwiya sankakudziwa, ndiye ine ndinkakwiyira tonse awiri. Anali ndi keni yawo yachitsulo yothirira, osati zapulasitiki mukuthyola masiku anozi, ndi sizasi yodulira imene ankaipukuta ndi mafuta ngati mfuti. Medemu, mkazi wa mzunguyo, anali ndi maluwa amitundumitundu, koma mtima wake unali pa awa. Iye ankati kala lili. Asekuru anu ankangoti malili. Akatsegula medemu ankayenda m'mawa uliwonse ndi kapu ya tiyi, kuwerenga ndi chala, limodzi limodzi. Amene anakumba, amene anathirira, amene ankadziwa kuti ili lidwala, analibe chilolezo chothyola ngakhale limodzi.

Mwezi umene anabadwa amalume anu a Fuledi unali uno womwe, Disembala, mvula ili pakati. Ndili chigonere pamphasa, thupi lonse likuphwanya, ndikuona munthu akulowa atabisa dzanja m'malaya.

"Amake mwana, ndakubweretserani kanthu."

Ine mtima phaa, ndikuti shuga kapena sopo. Kutulutsa, duwa. Limodzi, lachikasu, lopindika ngati fanelo ya palafini.

"N'chiyani chimenechi?"

"Lili. Galu wa medemu walithyola, ndiye ndati lisangotayika."

Mukudziwa ndinayankha kuti chiyani? Ndinati, "Ndiye ndiphike ndi tomato kapena ndi nsinjiro?"

Anatsuka botolo la mafuta ophikira, kuthiramo madzi, kuliimika pawindo. Mawa lake medemu anawerenga, limodzi palibe. Anawakalipira pamaso pa khukhi ndi wochapa, n'kuwadula nyama ya poso ya sabata imeneyo. Iwo sanandiuze. Ndinamva kwa mkazi wa khukhi ku mjigo, patapita mwezi. Ndipo nditamva mukuganiza kuti ndinapepesa? Ndinawakalipiranso ine, kuti mwataya nyama chifukwa cha udzu.

Chisomo, pukuta mphuno. Osati ndi diresi!

Za nthawi imene azungu ankachoka sindikamba zambiri, mudzafunse ena, aliyense ali ndi yake. Ndingokuuzani za tsiku limene nyumba yaikulu inatsala yokha. Anthu anathamangira kumeneko. Wina anabwera ndi chitseko pamutu, wina mpopi, wina malata. A Che Saidi, aneba athu achisilamu awa, anapeza wilibala imene akuyendetsa mpaka lero. Ine ndaima panjira ndikudikira mwamuna wanga, munthu amene ankadziwa ngodya iliyonse ya nyumba imeneyo, ndikuti lero ndigona pa matiresi. Akutulukira, chipewa m'manja, akuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Kusuzumira m'chipewamo, timbatata titatu tamatope.

"Ng'ombe zalowa m'gadeni," akutero. "Ndapulumutsa timalili titatu tokha."

Ndinakuwa mpaka komboni yonse inatuluka. Ndinati anzanu akubwera ndi zitseko, inu mukubwera ndi manyazi! Iwo anangopita kuseri, kutenga beseni langa lobooka, kuyamba kusefa dothi.

Ndipo anaphuka, ana inu. Chaka chilichonse. Zitatu zija zinabereka mpaka zinadzaza mabeseni asanu ndi limodzi pakhonde pano. Ntchito kunalibe, malipiro kunalibe, chaka china tinadya mahewu okha ndi mapopo osapsa, koma Disembala akafika khonde lino linkachita chikasu, anthu opita kutchalitchi kumaima panjira. Ine ndinkadutsa ndi mtolo wa nkhuni osacheuka. Ndinkangoona kuti nyengo yozizira ikafika mabeseni ali gwaa opanda kanthu, ndipo kudenga kwalendewera chiguduli cha fodya chomanga pakamwa. Chaka china ndinachikayikira chigudulicho. Ndinati muli makalata a mkazi wina wa ku Glendale, kapena mankhwala. Atapita kumaliro ndinakwera pampando, kumasula, phulusa lonse kumaso kwanga, timbatata gubudu gubudu pansi. Atabwera anangondiyang'ana mutu uli mbuu, amvekere, "Mwawapeza akazi anzanu?"

Anadwala miyezi iwiri yokha. Iwe Tinashe ukuwakumbukira pang'ono, ankakupatsa maputi m'thumba la jekete. Chakumapeto mawu anali atachepa. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandigwira dzanja, amvekere, "Malili akagona musawathirire." Ine ndinati matenda afika kumutu. Ndinati, "Imwani phala, musiye za maluwa." Basi. Malangizo onse amene ndinalandira kwa munthu amene anawasamala moyo wake wonse ndi amenewo, ndipo ndinawatseka pakamwa ndi supuni.

Titawaika ndinabwera pakhonde pano, kuona mabeseni aja. Ndinati awa sadzafa ndili moyo. Ndiye ndinawasamala m'mene ndimadziwira ine, mwana wa m'fodya. Madzi m'mawa, madzi madzulo, chilimwe chonse, dzinja lonse, osapumira. Ndinakapempha kwa Fuledi fetereza woyera uja wobereketsa fodya, kuthira dzanja lodzaza beseni lililonse. Masamba anabwera, ee! Aakulu ngati a madhumbe, koko uja, amathothomathotho oyera, mpaka mayi wina anaima pageti kufunsa ngati ndikugulitsa ndiwo. Duwa? Ngakhale limodzi. Chaka chachiwiri ndinati chakudya chachepa. Ndinawonjezera fetereza, ndi zitosi za nkhuku zaziwisi pamwamba. Mwezi usanathe khonde linayamba kununkha ngati khoswe wafera m'denga. Kukoka tsamba likungozuka, pansi pake phala lokhalokha. Pa mulu wonse umene anasiya asekuru anu zinatsala zisanu ndi ziwiri. Ndinakhala pansi pomwe wakhala iwepo, ndinalira kuposa pamaliro.

Chaka chimenecho ndi chimene amayi anu anandipatsa foni iyi. Inu mumandiseka kuti Gogo sagona, Gogo amalankhula ndi foni, Gogo amaima pachulu ngati mbuzi kusaka netiweki. Eya, ndimaima! Sukulu ndinalekera giredi faifi, palibe mlangizi anabwerapo kudzandiphunzitsa za maluwa, akabwera ndi fodya ndi chimanga basi. Ndinajambula tsamba, kufunsa foni, kundionetsa mavidiyo. Mzungu wina akulankhula Chingerezi chothamanga ngati akuthawa galu, ine kubweza, kubweza, kakhumi, mpaka ndimve. Wina wa ku India ndinkangoyang'ana manja ake. Bandulo kutha ndili pakati, ine kutukwana pachulu ndekha, a Che Saidi kuchita kufunsa ngati ndili bwino.

Ndipo zimene ndinapeza zinandipsetsa mtima kuposa kale, chifukwa zonse ndinaziona ndi maso anga zaka ndi zaka osaziona. Fetereza wa tsamba amabereka tsamba, duwa amalithamangitsa, mbatata amaioletsa. Maluwa akatha suthyola masamba, umawasiya achite chikasu okha, chifukwa ndi pamene akutsitsira chakudya pansi. Akagona, madzi umasiyiratu. Umakumba, kuumitsa pamthunzi, kusunga m'phulusa pouma miyezi itatu. Chiguduli chija! Chimafuna kugona chinthu chimenechi, ngati munthu. Ukachidzutsa chaka chonse chimakupatsa masamba amwano. Kutentha kukayamba umabzala kuya kwa chala, maso ake kumwamba, dothi losakaniza ndi mchenga, beseni lobooka kuti madzi asaime. Dzuwa la m'mawa, mthunzi wa masana. N'chifukwa chake asekuru anu anasankha khonde lino osati kuseri. Ine ndinkati akufuna kuonetsera anthu.

Chaka chachitatu ndinachita zonse bwinobwino, koma mbatata zinali zitafooka, tating'ono ngati mazira a njiwa. Masamba okha. Ndinaluma mano, ndinadikira. Chaka chino pokumba ndinapeza zadzaza chikhatho. Ndinabzala, ndinathira phulusa ndi mafupa otentha osinja, madzi pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso. Sabata ziwiri zapitazo ndikutuluka m'mawa, ndikuona kanthu kosongoka kobiriwira kakutuluka pakati pa masamba. Ndinakuwa, nkhuku zonse kubalalika. Onani pafoni apa. Ili ndi tsiku loyamba. Ili lachiwiri. Onani apa, dzulo lomweli, nsonga yayamba chikasu. Loweruka akanakhala atayasamula onse.

Mwina mukuti Gogo akuchulutsa, ndi maluwa chabe. Tamverani. Anzanu akusukulu holide ikafika amati tikupita kumusha, kumudzi kwawo. Inu mumapita kuti? Kuno, kukomboni. Ife eni dziko lino ankatitcha mabwidi, anthu opanda kwawo, ndipo ena mpaka lero pakamwa pamawayabwa. Ku Ntcheu kumene ankanena bambo anga sindikudziwako ngakhale mtengo umodzi. Nyumba ino si yathu, munda wa Fuledi ndi wobwereka. Dothi limene tingaloze n'kunena kuti apa ndi pathu ndi manda aja kuseri kwa mabani, pamene agona bambo anga, mayi anga, ndi asekuru anu. Ndiye munthu amene anathirira maluwa a eni ake mpaka imvi, ndimati tsiku limodzi lokha alandire ake, ochuluka, pamaso pa anthu, popanda wowerenga ndi chala.

Ndiye pali Atete Loisi, mlongo wawo wa asekuru anu, wa ku Harare uja amabwera ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Mwezi watha anandiimbira.

"Alamu, za maluwa musavutike, ndibwera ndi nkhata yapulasitiki, yokongola, siifota."

Ndinati, "Atete, achimwene anu sanathirirepo pulasitiki."

Amvekere, "Inu zaka zonsezi mukungolima masamba, mudzatichititsa manyazi pamaso pa abusa. Komanso si inu nomwe munkati maluwa sadyedwa?"

Anandilasa pamenepo, chifukwa ananena zoona. Ndiye ine m'mawa uliwonse ndakhala ndikuponya chithunzi pa gulupu ya banja, kuti aone, kuti atseke pakamwa. Abale onse aona, mpaka a ku Joni. Manje ndiponye chiyani mawa? Ndowa?

Ukuti chiyani, Chisomo? Tiwaike m'madzi a shuga atsegula? Iwe mwana, ukuganiza kuti sindinafunse? Ndisanavule n'komwe nsapato ndinali kale pachulu. Lili si duwa la rozi. Ukalidula lili chitsekere limakhala chitsekere mpaka kufota. Ndipo pamene mwathyolapo sipatulukanso lina chaka chino, si fodya amene amaphuka mphukira m'khwapa. Zatha. Mpaka Disembala wina, ngati ndidzakhalepo.

Tinashe, ukung'ung'udza chiyani? Lankhula mokweza, unali ndi mphamvu pothyola.

Sindinakuuzeni?

Iwe! Ukundiyankha ine? Pakhonde panga? Sindinakuuzeni! Kodi chilichonse mpaka ndikuuzeni? Ndikuuzeni kuti musamwe palafini, musakwere ng'ombe ya eni? Amayi ako akamva zimenezi...

Khala pansi. Ndati khala.

Chifikireni ndakuuzani chiyani za mabeseni amenewa? "Chokani apo." "Musayandikire." "Mpira wanu uko." Eya. Ndi zokhazo. Iwe Chisomo unandifunsa Lamulungu kuti Gogo timitu iti n'ta chiyani, ndinati usandisokoneze ndikujambula. Anthu a ku Joni akudziwa za maluwa amenewa, a ku Harare akudziwa, inu ogona m'nyumba muno ayi. Munaona gogo wanu akuvutika ndi mbewu, munachita zimene manja anu aphunzira sabata ino. Zimene ndinachita ine ndi fetereza. Magazi a fodya omwewo, tonse zitsiru za m'nyumba imodzi.

Koma musaganize kuti ndakukhululukirani. Mtima ukadali kuwira.

Imvani, foni. Ndi iwowo, Atete Loisi, ngati anunkhiza. Tamverani uthenga wawo: "Alamu, lero sitinaone chithunzi. Zili bwino? Ndili m'shopu, nkhata ija nditenge? Yatsala imodzi."

Yatsala imodzi. Hm.

Khalani chete nonse, ndikuyankha ndi mawu. Tinashe, leka kukanda, zikumveka.

"Atete, masikati. Nkhatayo isiyeni m'shopu momwemo, agule ena. Maluwa alipo, khumi ndi limodzi. Ndikuuziranitu kuti musadzadabwe pamaso pa anthu: ndi obiriwira, sanatsegule, ndipo satsegula. Athyoledwa msanga. Awathyola ndi adzukulu awo a achimwene anu, ndi manja awo, ndipo Loweruka adzawanyamula okha kukawaika pamwala. Amene adzaseke adzaseke ine. Mufike bwino."

Yapita. Timizere tiwiri taoneka pafoni, amva kale.

Manje mukundiyang'ana chiyani? Chisomo, tenga ndowayo ukaike kuchipinda kwanga kuseri kwa chitseko, kozizira, usinthe madzi m'mawa ndi madzulo. Lifote limodzi lokha Loweruka lisanafike, mudzandidziwa bwino. Tinashe, kasambe manja ndi sopo usanagwire m'maso, kenako uthamange kumunda ukawaitane amalume ako a Fuledi. Uwauze kuti asiye fodya abwere pompano. Ndawasungira zawo.